Ndinabwera ndi mwana wa eni ake

Ndivomere lero: mwana uja sanasinthikire ku kwaya ayi.

Achemwali anga a Rozita anandisiyira khanda lawo, Zito, iwo n'kupita kuchigayo. Koma madzulo amenewo kunali bola, mpira wamiyendo, pa televizau ya ku baraka yogulitsa mowa, konkuno ku Furancungo. Ndinamubereka Zito m'kapulana yofiira, ine uyo. Baraka ya a Bande siletsa ana. Akazi awo amayala mphasa pakona, makanda n'kumagona m'ndandanda ngati mbatata za pamsika, makolo akumwa.

Timu yathu itachinya ndinakuwa mpaka ku Tsangano anamva. Kutayamba kuda ndinakumbukira achemwali, n'kutola kamtolo kofiira pamphasa paja, liwiro. Sindinaganize kuti kapulana imeneyo amayi onse a kwaya anagula yofanana.

Kunyumba achemwali anavundukula mwana, n'kundiyang'ana.

"Iwe, Zito wabooledwa liti makutu?"

Kamtsikana, ndolo zili waliwali. Ine osaphethira n'komwe: "Tinali ku kwaya, achemwali. Kumeneko ana amasokonekera."

Ndisanatseke pakamwa, mota, njinga yamoto, inaima pakhomo. A Bande, kumbuyo kwawo mayi wina akulira, Zito ali m'manja.

"Mphwanga, waiwala katundu wako," anatero a Bande. "Ndi botolo lako lija sunamalize."

Achemwali analandira Zito, n'kumuwerenga zala zonse, kenako anatembenukira kwa ine.

"Ndiye a Bande ndiwo amaimbitsa kwaya masiku ano?"

Mpaka lero sandisiyira ngakhale nkhuku.