Mlendo amene tinamukweza padenga

Ntchito yanga yoyamba ku Mangalande anandipezera ndi mkazi wanga. Iye anali namwino ku Birmingham, ine ndinkangokhala m'nyumba ku Smethwick, maphunziro anga ojambula mapulani a nyumba atasanduka opanda pake. Mnzake wa ku wodi, mzimayi wa ku Jeremani, anadandaula kuti amuna ake, a Klaus, katswiri woyeza nyumba zakale, ankadziwa Chingerezi chogulira buledi, koma cha ntchito chinkawathawa. Mkazi wanga anati, "Kwathu kuli munthu wodziwa dzina la khoma lililonse, kungoti alibe loti amange."

Ine ndi a Klaus tinkakumana Loweruka kuti ndiziwaphunzitsa Chingerezi cha ntchitocho. Sindinali mphunzitsi, choncho mabuku ndinawasiya. Tinkayenda m'misewu, ine n'kumaloza, iwo n'kumagwira ndi dzanja. Mwala wopingasa pamwamba pa chitseko, lintel. Chipilala chochirikiza khoma la tchalitchi kunja, buttress. Mtanda umene mapaso amagonapo, purlin. Dzina lililonse ankalitchula kaye m'Chijeremani, kenako m'Chingerezi, akusisita njerwa ngati akuipepesa. M'jekete mwawo simunkasowa tochi, tepi yoyezera ndi kachitsulo kosongoka kobayira matabwa. Ku Coventry tinaima nthawi yaitali m'tchalitchi chopanda denga chimene mabomba a kwawo ku Jeremani anagumula pankhondo yachiwiri ya dziko lonse. Tsiku limenelo sanafunse dzina la kanthu.

Ife Amalawi tinkapemphera Lamlungu masana m'tchalitchi china chakale ku Lozells. Eni ake anali azungu okalamba ochepa, amene ankatisiyira kiyi akamaliza mapemphero a m'mawa. M'maholo ena anali atatichotsa chifukwa cha ng'oma. Apa pokha ndi pamene ana athu, amene ankatiyankha m'Chingerezi, ankaimba nyimbo zakwathu. Kwina kopita kunalibe.

Lamlungu lina ndinawaitana a Klaus, poti m'tchalitchimo munali zambiri zoti aphunzire mayina ake. Monga mwa mwambo, alembi anati alendo aimirire. Nditatchula ntchito yawo, nthungululu zinalira. Nyengo yonse yozizira tinali tikupempherera denga lodontha, ndiye aliyense anaona kuti yankho lafika lovala jekete. Titaweruka, amayi anawadyetsa mpunga wa nkhuku. Mayi Gondwe, mtsogoleri wa amayi, anawagwira dzanja n'kuwaonetsa zidebe zotchingira madzi, khoma lakuda ndi chinyezi, ndi siling'i yofufuma pamwamba pa mabenchi a ana. A Nyirenda, akulu a mpingo, anakatenga okha makwerero.

"Aonetseni zonse, a Phiri," anandiuza. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Tinakwera awiri kudzera pa kachitseko ka m'siling'i. Mkati munkanunkha bowa. A Klaus anaunika mtanda waukulu womanga makoma awiri, pamene umalowa m'njerwa. Panali ulusi woyera ngati wa kangaude. Anabaya ndi kachitsulo kaja, ndipo kanalowa ngati m'mbatata yophika. Mbali inayo chimodzimodzi. Anandifunsa dzina la nthendayo m'Chingerezi. Ndinati dry rot, kuwola kumene kumadya thabwa mkati kunja likuoneka lamoyo.

"Pansi pa denga ili pasakhalenso munthu," anatero. "Ndiyenera kuuza eni ake. Mundithandize kuti ndikanene bwino."

Titatsika ndinafotokozera akulu m'kachipinda ka kuseri. A Nyirenda anavula magalasi.

"A Phiri, mlendo wanuyu wadya nafe. Mbale sizinatsukidwe n'komwe, akufuna akatinenere?"

"Ndiye tinamuimbira nyimbo ya alendo kuti atisamutse?" anatero mkulu wina, koma palibe anaseka.

Mayi Gondwe anandikokera pambali. "Bambo a Chisomo, mawu mumamupatsa ndinu. Mupatseni ofewa. Akangoti kukudontha pang'ono, ife tizikonza tokha. Azunguwa akamva zambiri akhoma, ndiye tikapemphera kuti? Mu basi?"

Ankanena zoona. Okalamba aja sakanatha kukonza denga lotero. Ndipo a Klaus ankandikhulupirira. Mawu aliwonse amene ndikanawapatsa, akanawanyamula osakayika. Sabata imeneyo ndinasala kudya. Ndinapempha Ambuye andionetse njira yachitatu, koma sinaoneke. Chimene chinkandibwerera ndi mneneri uja amene anadzudzula anthu opaka njereza pakhoma loti ligwa, ndi mwana wanga Chisomo atakhala pabenchi pansi pa mtanda umene uja.

Loweruka tinakhala m'khitchini mwa a Klaus, tikubwereza zoti akanene. Ndinawapatsa mawu enieni, olemera: mtanda wawola mbali zonse, denga silingadaliridwe, nyumba itsekedwe. Anabwereza mpaka lilime linawongoka. Ankawatchula bwino kuposa mawu onse amene ndinawaphunzitsapo, ndipo sindinakondwere nazo.

A Klaus atakanena, eni tchalitchi anaitana woyeza wawo, amene anapeza zomwezo. Lamlungu lotsatira tinapeza loko pachipata. Tinaimba nyimbo imodzi panja, mvula ikuwaza, n'kubalalika. Ena anayamba kupita ku Coventry, ena kumipingo ya anthu a ku Naijeriya, ena anangosiya. Ife tinkasonkhana mabanja ochepa pabalaza, tikuimba motsitsa mawu kuopa aneba. A Nyirenda anasamuka m'derali osandipatsanso moni. Maphunziro ndi a Klaus anapitirira pang'ono, kenako anatha okha.

Dengalo silinagwe. Nyumbayo inagulitsidwa, ndipo amene anaigula analisasula, choncho palibe amene anaona chimene tinapulumukako. Anthu anaona loko basi. Mpaka lero alipo amene amati ndinagulitsa mpingo kwa mzungu, ndipo ndilibe chowaonetsa.

Patapita nthawi ndinalembedwa ntchito yoyeza nyumba. Ndinaphunzira kuti mayankho ena a pemphero amafika ngati chilango, ndipo amene wawanyamula sathokozedwa. Tsopano ndisanaponde makwerero a munthu, ndimamuuza kuti chimene ndikachipeze kumwambako ndidzachitchula ndi dzina lake, ndipo ndimamupatsa mpata woti andibweze. Ambiri amaseka n'kundigwirira makwerero. Ndikamakwera ndimawapempherera chamumtima.