Katimba Asalowe M'madzi

Mukalowa m'shopu yochapa zovala ija ili pafupi ndi siteji ya mabasi, n'kupitirira mpaka kuseri kwa makina, mupeza mayi wina wamfupi ataimirira pathebulo lalitali, simbi ili m'manja. Anthu amangomutchula kuti Mayi Wosita, ndipo dzinalo sanachite kuligula. Wakhala pathebulo limenelo zaka khumi ndi zinayi. Kolala ya shati akaidutsa kawiri imaima njoo, moti ngakhale adona eni shopu, amene kuyamika munthu amakuona ngati kuzulidwa dzino, amavomera kuti pantchito yosita palibe womuposa. Koma mantha! Foni yake ikalira nthawi ya sukulu amayamba waimika simbi, n'kupukuta manja, n'kusuzumira nambala ngati munthu amene wamva kuti m'thumba muli njoka. Anzake akhala akumuseka zaka zonsezi osadziwa chimene amaopa, poti iye sanawauzepo.

Mwana ali naye mmodzi, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Amamutcha Katimba chifukwa ndi kamunthu kochepa thupi koma kolongolola kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Katimba amagwa khunyu kuyambira ali ndi zaka zisanu. Amamwa mapiritsi m'mawa ndi madzulo, ndipo mayi ake amawasunga m'chitini cha mabatani, pansi penipeni, kuti mlendo asawaone. Bambo ake amayendetsa lole za maulendo ataliatali. Akafunsidwa nzeru pafoni yankho lawo ndi limodzi: "Mwanayo ukumudziwa ndiwe."

Mantha a Mayi Wosita ali ndi pochokera. Mlongo wake wamkulu nayenso ankagwa khunyu. Tsiku lina ali sitandade folo anagwa m'kalasi, ana onse anatuluka akukuwa, ena kudzera pawindo, ndipo mawa lake aphunzitsi anatumiza uthenga kuti mnyamatayo ayambe wapumula kunyumba. Kupumulako sikunathe. Anakulira pakhonde, akuwerengera anzake masitepe popita ndi pobwera kusukulu. Atafika zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anamupeza atagwa chafufumimba m'beseni lochapira, m'madzi osafika ndi m'kakolo momwe. Amene anamupeza anali Mayi Wosita yemweyu, akadali mtsikana. Chichokereni tsiku limenelo Mayi Wosita amaopa zinthu ziwiri: sukulu kudziwa, ndi madzi.

Nchifukwa chake chaka ndi chaka fomu ya kusukulu ikabwera, pamene pamafunsa ngati mwana ali ndi matenda ena aliwonse, iye ankalemba mwaukhondo kuti "Palibe". Mwanayo anamuphunzitsanso zoyankha, ndipo ankayeserera ali pathebulo ngati matebulo a masamu. Tsiku la kuchipatala likakwana, kusukulu azikanena kuti linali dzino. Wina akaona chipsera palilime, anadziluma akudya. Polankhula asamagwetse maso pansi, chifukwa wogwetsa maso amagwidwa. Mwayi unalipo: khunyulo linkabwera kunyumba, makamaka m'mawa, ndipo kwa zaka ziwiri linangoti zii. Koma chaka chimenechi linabwerera, kawiri m'miyezi iwiri. Adokotala anati mwana wakula, mankhwala amuchepera, ndipo anali akuyesabe muyezo watsopano.

Ndiye kunabwera kalata ya masamba awiri kuchokera kwa aphunzitsi a sitandade sikisi, mayi wamtali wa magalasi amene ana amawatcha a Koloko chifukwa sachedwa ndipo salola wina kuchedwa. Kalatayo inkafotokoza zimene sukulu ikuyembekezera kwa ana a makalasi akuluakulu ndi makolo awo. Mwana aziwerenga mokweza mphindi makumi awiri tsiku lililonse, kholo lizimvetsera n'kusaina. Azilongedza yekha chikwama, osati kulongedzeredwa ngati khanda. Akaiwala homuweki aziyankha yekha, mayi asamabwere kudzamupepesera. Zonsezi Mayi Wosita ankagwedeza nazo mutu, pakuti ndi kholo lija lotchedwa lachitsanzo pamisonkhano. Atatembenuza tsamba, anawerenga kawiri zimene anapezapo. Lachinayi lililonse masana kalasi yonse izipita kudziwe losambira la m'tauni, chifukwa mwana aliyense ayenera kudziwa kusambira asanamalize pulayimale. Wosapita abweretse kalata ya dokotala yonena matenda ake.

"Amayi, sainani," anatero Katimba, bolopeni ali nayo kale m'manja. "Anzanga onse asainiridwa."

"Madzi ndi iwe n'zosayenderana. Ukudziwa."

"Nanga ndikanene chiyani? Kalata ya dokotala mukufuna?"

Apa mwana wake yemwe anali atamupanikiza. Kalata ya dokotala ikanatchula dzina la matenda, ndipo dzinalo likangolowa mu ofesi ya ahedi, Mayi Wosita ankamuona kale Katimba atakhala pakhonde. Anasaina. Anagulanso kachovala kosambirira kabuluu, poti kalata inatero, koma mumtima anali atapangana kale ndi mantha ake kuti kachovalako sikadzanyowa.

Lachinayi loyamba analemba kakalata kuti mwana ali ndi chimfine. Katimba anakhala pabenchi akuonera anzake, nabwera kunyumba atatupa masaya. Lachinayi lachiwiri kachovala kanasowa mwadala. Madzulo ake m'buku la homuweki munali mawu a inki yofiira: "Mayi, sabata yamawa mwanayu alowe m'madzi. Anzake amusiya kutali." Sabata yonseyo Mayi Wosita anasakasaka bodza lina, osalipeza. Lachinayi lachitatu anadzuka molawirira, anakulunga kachovala kaja m'jumbo yakuda, naiponya pansi pa chikwama chake cha kuntchito. Nzeru zatsopano analibe. Anangoti zinayenda sabata yatha, ziyendanso lero.

Nthawi ya nkhomaliro iye ndi mnzake wa pamakina ochapira anakhala pamabokosi a sopo kuseri kwa shopu. Mnzakeyo, mayi wa pakamwa posatseka, anali pakati pa nkhani ya mlamu wake amene anabisa chotupa chaka chathunthu mpaka kumwalira.

"Ine ndimanena, asisi, ukabisa matenda maliro amakuulula," anatero akutafuna. "Nanga inu simukudya? Mwayamba kusala?"

Mayi Wosita anapisa m'chikwama kuti atenge mkute wake, dzanja n'kukhudza jumbo ija. Inkamveka yokhakhala. Atamasula anapeza nsanza yopukutira mbale, yopindidwa bwinobwino makona anayi, mmene iye mwini amapindira zovala za makasitomala. Katimba anali atasinthanitsa, kachovala n'kupita nako.

Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itangodutsa wani koloko, ndipo kudziwe ana amalowa hafu pasiti wani.

Za chikwama anaiwala, za kutsanzika adona anaiwala, koma manja amene agwira ntchito zaka khumi ndi zinayi anakumbukira okha kuzula simbi kumagetsi. Anatuluka ndi epuloni yake liwiro la mtondo wadooka. Pasiteji minibasi inali ndi anthu atatu okha, kondakitala akuitanirabe mwaulesi, ndipo iye anadziwa kuti kudikira kuti idzaze n'kudikira maliro. Anathamanga wapansi. Anadutsa pakati pa ogulitsa nsapato, anawoloka msewu galimoto zikuimba mahutala, patapata imodzi inaduka ndipo anaisiya pomwepo. M'mutu munkangobwera beseni lija, ndi msana wa mlongo wake, ndi mmene madzi anali atadekhera.

Dziwelo lili m'chinyumba chachikulu cha denga lalitali, monunkha mankhwala a m'madzi, momwe mawu amabwerera kawiri. Mlonda wa pakhomo anayesa kumufunsa tikiti koma anangolankhula ndi mphepo. M'katimo ana makumi anayi anali pamizere inayi m'mbali mwa madzi, ena akunjenjemera, ena akukankhana. Mnyamata wophunzitsa kusambira anali ndi wezulo pakamwa. Akaimba kamodzi, ana anayi akutsogolo ankalumphira m'madzi. Katimba anali wachitatu pamzere wake, m'kachovala kabuluu, akuseka ndi mnzake.

A Koloko anali chilili ndi faelo pachifuwa. Ataona mayi wa epuloni, phazi limodzi lopanda kanthu, thukuta lili kamukamu, anatsitsa magalasi.

"Mayi a Katimba, kwagwanji?"

"Aphunzitsi, pepani, mwanayo asalowe. Chifuwa chamuyambanso."

Mwaona mmene mantha amapusitsira munthu? Wathamanga mtunda wonsewo, mwana ali pamphepete pa madzi, iye n'kuyambanso bodza.

"Mayi, ine ndakhala naye kuyambira m'mawa, sanatsokomole ndi kamodzi komwe," anatero a Koloko. "Makolo ena mumawakonda anawa mpaka kuwapundula. Khalani apo muonere, muona kuti palibe choopsa."

Wezulo analira. Ana anayi analumpha, madzi anathovoka, ndipo Katimba anasendera kutsogolo. Patsogolo pake panatsala mwana mmodzi.

"Aphunzitsi, chonde."

"Mayi, khalani pansi."

Wezulo analiranso. Zala za kumapazi za Katimba zinagwira mphepete mwa dziwe, ndipo anatambasula manja monga anaonera anzake masabata awiri aja ali pabenchi. Mbali imeneyo madzi anali obiriwira, pansi posaoneka bwino.

"Amagwa khunyu!"

Mawu amene anawasunga zaka zisanu ndi chimodzi, osauza ngakhale mnzake wodya naye, anatuluka mokuwa, ndipo denga lija linawabwereza kuti amene sanamve amve. Wezulo anagwa pakamwa pa mnyamata uja. Ana onse anacheuka.

Katimba anatsitsa manja. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panali aphunzitsi ake, nawayang'ana m'maso osaphethira.

"Si zoona, aphunzitsi. Ine sindidwala. Amayi amangoopa madzi basi."

Ananena modekha, mwaulemu, moti aliyense akanamukhulupirira. A Koloko anatsegula faelo, natembenuza mapepala, naloza ndi chala.

"Mayi, apa munalemba nokha kuti palibe. Chaka chino chomwe. Ndimve ziti?"

Mayi Wosita anapapasa m'thumba la epuloni. Munali mapini ndi choko cholembera nsalu. Mapiritsi anali kunyumba pansi pa mabatani, khadi la kuchipatala linali pansi pa matiresi. Anabisa mwaluso kwambiri moti tsopano analibe ndi kanthu kamodzi komwe kosonyeza kuti akunena zoona.

"Iwe, tsegula pakamwa. Aonetse lilime."

"Ndinadziluma ndikudya," anatero Katimba.

Apa ndiye Mayi Wosita anachita mantha oposa a pamsewu paja. Mwa zonse zimene mwanayu anaphunzira chilowereni sukulu, phunziro limene analigwira bwino koposa linali la mayi ake, ndipo linali pafupi kumulowetsa m'madzi. Anagwada pamatailosi onyowa, pamaso pa ana makumi anayi, nagwira timikono tozizira ta mwana wake.

"Mwanawe, ndine ndinakuuza kuti uzitero. Ndinalakwa ine. Nena zoona, ndakupempha. Unagwa liti komaliza?"

Katimba anayang'ana aphunzitsi, anayang'ananso anzake.

"Lamulungu lapitalo lija," ananong'ona. "Kubafa."

A Koloko anatseka faelo. Anatenga thawulo pabenchi namufunditsa mwanayo, kenaka anakodola mnyamata wa wezulo kuti apitirize ndi enawo. Polankhula anatsitsa mawu, koma ukali unkamveka.

"Zaka zonsezi, mayi? Akanagwa pamasitepe a kusukulu ife tikanadziwa chochita? Tili nawo ana ena awiri otere. Amaphunzira, ndipo amasambira. Timawaveka kachipewa kofiira, munthu mmodzi amayang'ana iwo okha mpaka atuluke. Mubweretse kalata ya dokotala, akatiuza kuti mankhwala akhazikika nayenso alowa. Lero ayi."

"Simumuchotsa sukulu?"

"Timuchotse chifukwa chiyani? Amene amandikhozera masamu ndi ndani?"

Anatero n'kubwerera kumadzi, poti ana ena makumi atatu ndi asanu ndi anayi ankawadikira. Mayi Wosita anatsala chogwada, mutu uli zweee. Zinali zophweka chonchi? Anafuna kuseka, anafuna kulira, ndipo anamva chisoni chachikulu chifukwa cha mlongo wake amene anabadwa nthawi yolakwika. Anadzuka, natsogolera mwana wake kubenchi.

"Wamva? Akuti sakuchotsa."

Koma Katimba sanali kumva. Anali atadzikulunga m'thawulo mpaka m'makutu, maso ali pa anzake. Mtsikana uja ankaseka naye anacheuka kamodzi, mwina mwachisoni, mwina mongodabwa, ndipo Katimba anabisa nkhope.

"Akungonena chifukwa pali anthu," ananong'ona, mano akugundana. "Mawa adzatumiza uthenga. Amayi, tiyeni tizipita asanatiuze. Tiyeni, chonde, titulukire khomo lakumbuyo."

Khomo lakumbuyo linalipodi, lotsegula, mamita ochepa kuchokera pabenchi, ndipo Mayi Wosita analiona kale mwanayo asananene. Thupi lake lonse linkafuna komweko. Koma anakhala pansi pabenchi yonyowayo, namukokera mwana wake pambali pake, kutsogolo kumene aliyense akanawaona.

"Sitipita. Tikhala pompano mpaka amalize, ndipo ubwerera nawo pabasi ya sukulu."

"Ndikuopa, Amayi."

"Nanenso ndikuopa," anatero Mayi Wosita. "Khala."