Mwendo wa Apongozi

Kuno ku Kapata mukafunsa kuti Dainess amagwira ntchito yanji, yankho limadalira amene mwamufunsayo. Mwini wake amati amatikita minofu. Azimayi a pampopi amati amasisita asilikali. Mawu awiriwa ndi apachibale, kungoti lina limapita kutchalitchi, lina limagona kubala. Ine mpanda wanga ndi wake ndi umodzi, ndiye musavutike kufunsa kuti ndazidziwa bwanji.

Dainess ndi mwana wa a Miti, aja anali ahedi ku Kasenengwa, banja lodya ndi foloko ngakhale therere. Ankafuna unesi koma masamu anamukana. Ndiye anapita ku Lusaka, nakabwerako ndi laisensi, pepala lachidindo lonena kuti manja ake ndi ololedwa ndi boma kugwira matupi a anthu. Enafe timagwira opanda pepala, koma tisalowe m'menemo.

Ntchito anaipeza pa kachipatala ka asilikali akale kali kunja kwa tauni, kamene tonse timati ku Maekisi. Mumagona mitundu iwiri ya anthu. Muli nkhalamba zimene zinakamenyera mfumu ya Angelezi ku Burma n'kubwerako ndi mamendulo ndi chifuwa. Mulinso anyamata amene anaponda mabomba kumalire a Mozambique. Onsewa amadikira manja a Dainess. Mafuta a boma anatha kalekale, iye amanyamula a nsatsi m'kabotolo. Amayamba bedi la kukhomo, n'kumapita: msana wouma, phewa lokana kukwera, chitsa cha mwendo chimene mwini wake akulumbira kuti chala chachikulu chikuyabwa, chala choti chinatsala kumalire. Akamaweruka zala zake zimakhala zitatupa ngati chinangwa chophika. Mwana wake Tamiwe ndiye amamumasula mabatani a yunifomu.

Mwamuna analipo, Stanley Shanzi, kalaliki wa kampani ya mabasi. Kampani itatsekedwa anakwera basi ya eni ake kupita ku Lusaka, ati akubwera Lachisanu. Sananene Lachisanu la chaka chiti. Kapata yense ankadziwa kuti ali ku Chawama, ku Lusaka komweko, kwa mayi wina wogulitsa zovala za salaula. Dainess yekha ndiye ankati, “Atate a Tamiwe ali kuntchito.” Mphete ili pachala, kutchalitchi ali pabenchi la azimayi apabanja, ukamuitana kuti Dainess osati Mayi Shanzi ankakuyang'ana ngati wamuponda. Nthawi yokolola ankapita ku Chiparamba kukathandiza apongozi ake, kugwada ndi kuwomba m'manja monse muja. Munthu akagwira chinthu ndi manja otikita minofu, kumulanda n'kovuta.

M'chisanu cha 1996 apongozi ake aamuna, Sajeni Philemon Shanzi, anagwa kudimba akuthirira repu. Sitiroko. Mbali yonse ya kumanzere inagona. Popeza nawonso ndi a ku Burma, anawabweretsa ku Maekisi, akazi awo a Felesita ali pambali ndi mtolo wa mapoto. Dokotala, amene amabwera kumeneko mwa apo ndi apo ngati mvula ya chaka cha chilala, ananena mosabisa. Mankhwala alipo ochepa, chachikulu ndi manja. Mwendowo uzitikitidwa, uzipindidwa, uziwongoledwa tsiku ndi tsiku kuyambira kuphazi mpaka kuchiuno. Mukauleka uuma uli chopindika, ndipo ukauma wauma, mkuluyu sadzapondanso pansi.

Ananena zimenezi n'kukwera galimoto yake. Sanafunse kuti manja alaisensi pachipatala chonsecho ndi a ndani.

Inu mukudziwa mmene Angoni a ku Chiparamba amachitira. Mkazi wa mwana sakhudza apongozi aamuna. Sawayang'ana kumaso, sakhala pamphasa yawo, akakumana nawo panjira amapatukira kutchire ngakhale kuli chitedze. Chikwatiwire, Dainess ankadziwa nsapato za a Sajeni basi. Lero ati awagwire ntchafu.

“Ndikali moyo ine, iyayi,” anatero a Felesita. Dainess akangolowa m'wodi a Sajeni ankakoka bulangete ndi dzanja labwinolo mpaka kumutu, n'kugona ngati mtembo.

Poyamba anayesa Bizwell, bambo wokolopa ndi kukankha matirole. Bizwell kwawo amaumba njerwa, ndipo mwendo wa a Sajeni anautenga ngati dothi. M'mawa mwake unali ndi mikwingwirima, mkuluyo n'kulumbira kuti akamuyandikiranso amuluma.

Kenako anagwirizana kuti a Felesita azitikita, Dainess azinena. Anaika sikirini, nsalu yobiriwira ija ya pamawilo. Dainess ankagwada kuseri kwake atafulatira, ngati munthu wopemphera kukhoma. Pabedi loyandikana pankagona a Jibril, Myao wa makolo a ku Mangochi, kopolo wa ku Burma yemweko, nkhalamba yopanda mano koma lilime lonse lilipo. Iwowa anadzisankha okha kukhala womasulira. Zambiri ndikulemba panozi ndi iwo anandiuza.

“Amama, gwirani m'munsi mwa bondo, muzikwera pang'onopang'ono,” ankatero Dainess.

“Ndikwere mpaka pati?” a Felesita kufunsa.

Mawu oti ntchafu, ntchafu yake ya apongozi, sakanatuluka pakamwa pa mwana wa ahedi. “Mpaka kumtunda, amama.”

“Akuti mpaka ku Lundazi, mayi,” a Jibril kuthandiza. “Mukaona malire muime, kutsogoloko n'kwa eni.”

“Inu a Jibril, Mulungu anakuchotsani mano n'kuiwala chofunika kuchotsa,” anatero a Felesita.

“Anasiyira inu ntchito imeneyo. Finyani, mayi, simukusisita mphaka.”

“Ndifinye ndi chiyani? Manja anga omwe ali ndi nyamakazi. Ndiponso bambo awa ndinasiya kuwagwira miyendo chibadwire mwana wotsiriza.”

Pansi pa bulangete pankamveka kung'ung'udza. A Sajeni sitiroko inawapotoza pakamwa, mawu ankatuluka ngati akutafuna mbatata yotentha, koma kutukwana kunkamveka bwinobwino.

Wodi yonse inkaseka, ngakhale anyamata a zitsa aja amene saseka wamba. Koma mwendo sunali kuseka. A Felesita ankapapasa pang'ono n'kutopa, n'kukhala pansi kudandaula za mbuzi zimene anasiya kumudzi. Masabata anapita. Chidendene chinayamba kukokera kumbuyo, phazi n'kuloza pansi ngati khasu. Dainess sankafunika kuvundukula kuti adziwe. Ankaona mmene bulangete latukukira pabondo. Ankatikita wodwala wa kumanja, n'kulambalala bedi limenelo monga timalambalalira manda, n'kukatikita wa kumanzere. Kunyumba anasiya kundiyankha pampanda. Ndikati mwaswera bwanji, iye ati, “Likuuma.” Ine n'kumayesa akunena dimba.

Tsiku lina masana, odwala atangomaliza kudya nyemba zawo zofumbwa, Dainess anabwera n'kugwada kumapazi a bedi. Sikirini sanaikoke.

“A Jibril, ndifunsireni kwa atate. Ku Chiparamba akufuna kubwerera ndi miyendo kapena pangolo?”

A Jibril anatembenukira ku bulangete. “Sajeni, mwamva. Kapena ndimasulire m'Chihindi?”

Bulangete linayankha. “Auzeni amake Tamiwe kuti ine ndine Mngoni. Ajapani anandilephera. Mkazi wa mwana wanga andigwire, ndikanena chiyani kwa makolo?”

“Makolo akakufunsani kuti mwabwera bwanji chokwawa,” anatero a Jibril. “Komanso mwana wanu wake uti? Ine chigonere pano sindinamuone. Bizwell ndiye ndikumuona.”

A Felesita anatsonya. Dainess anatembenukira kwa iwo, maso ali pansi. “Amama, uthenga tinapereka pawailesi. Unalengezedwa m'Chinyanja ndi m'Chizungu momwe. Atate a Tamiwe sanaumve?”

“Anaumva,” a Felesita anayankha mofulumira, pofuna kutchinjiriza mwana wawo pamaso pa Myao uja. “Anatumiza mawu. Nanga angabwere bwanji mkazi ali m'chikuta? Khanda silinagwe ndi mchombo womwe.”

Pakamwa ndi pamene pamapha munthu. Anazindikira mawu atatuluka kale, n'kuyamba kukonzakonza duku. Mnyamata wina amene ankakanda mbale ndi supuni analeka.

“Mwana wanji?” Dainess anafunsa.

A Felesita anapitiriza kukonza duku.

“Amama, ndafunsa. Mwana wanji?”

“Wamwamuna.”

“Dzina?”

Apa bulangete ndi limene linayankha, motsitsa. “Philemon.”

Ndiye kuti ankadziwa onse awiri. Dzina silipita ku Lusaka lokha, limachita kutumizidwa. Dainess anakhala chigwadire kanthawi, akuyang'ana manja ake otupa aja. A Jibril akuti ankayembekezera kulira, ndipo anali atakonza kale mawu otonthoza, mwina oyamba m'moyo wawo. Sanawagwiritse ntchito. Dainess anadzuka. Anaimirira njo pamaso pa apongozi, chinthu chimene sanachitepo. Mphete inavuta kutuluka, anachita kuipaka mafuta a nsatsi. Anaiika pakalokala pambali pa kapu ya a Sajeni.

“Ngati ndi choncho, mpongozi wanu ali ku Chawama,” anatero. “Ameneyo ndiye asakugwireni. Ine ndine Sista Miti, ndimagwira ntchito pano.”

“Amake Tamiwe, musachite zamanyazi,” a Felesita ananong'ona. “Ukwati sutha chonchi. Pali ankhoswa.”

“Ankhoswa abwere, akandipeza. Mwendo sudikira ankhoswa. Tasunthani, mayi.”

Mayi, osati amama. A Felesita anasuntha.

Dainess anatsitsa bulangete kuchokera kumutu. Aka kanali koyamba kuona nkhope ya a Sajeni pafupi, ndipo anandiuza pambuyo pake kuti chimene chinamupweteka n'chakuti makutu ndi a Tamiwe enieni. Mkuluyo anatsinzina zolimba. Dainess anavundukula mwendo, wowonda, wotuwa ngati nkhuni ya chaka chatha. Anathira mafuta m'manja n'kugwira phazi.

“A Jibril,” a Sajeni anayamba, “auzeni kuti...”

“Auzeni nokha. Ine ntchito yandithera, ngati mwana wanu.”

A Sajeni anakhala chitsinzinire. Kenako anati, “Manja anu ngozizira, Sista.”

“Atentha. Pumani, ndikuwongola bondo. Zipweteka.”

Zinapwetekadi. Akuti mkuluyo anatukwana m'zilankhulo zonse zimene anatola kunkhondo, mpaka a Jibril anakumbuka mawu ena amene anawaiwala. Ndipo zinapitirira choncho tsiku ndi tsiku, chisanu chonse mpaka kutentha. Dainess ankalowetsa phewa pansi pa chidendene n'kumakankha, thukuta lili kamukamu, a Sajeni akuluma pilo. Sankacheza. Iye ankati pindani, kankhani, bwerezani. Iwo ankati inde Sista. A Felesita ankatuluka kukakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka zithe.

Dzanja linali litachedwa. Linakhala chipindire pachifuwa ngati akulumbira kukhoti, ndipo lili choncho mpaka lero. Mwendo ndiwo unamva. Poyamba chala chinagwedera, kenako anaima atagwira bedi, kenako anafika kuchimbudzi okha, zimene kwa sajeni n'zazikulu kuposa mendulo.

Ankhoswa anabweradi, anakhala pakhonde pa Dainess n'kumalankhula zozungulira ngati kuti panali chotsala choti athetse. Kutchalitchi anamusuntha benchi mwaulemu. Ku Chiparamba nkhani inafika itavala zina: ati mwana wa a Miti anathetsa ukwati dala kuti agwire ntchafu ya apongozi. Pampopi pano ena anaikometsera kuposa pamenepo. Ine sindinawonjezereko kanthu, ndinangofotokoza.

Tsiku lotuluka a Sajeni ndinali pageti ndi dengu langa la nthochi. Mitambo ya mvula yoyamba inali itayamba kusonkhana kumapiri. Bizwell anabwera ndi njinga ya odwala, mkuluyo anaikana ndi ndodo. A Felesita anatsogola ndi mtolo pamutu, anadutsa Dainess ngati akudutsa mtengo. Kumbuyo kwawo a Sajeni, jekete la khaki, mamendulo akulira pachifuwa, ndodo kutsogolo, mwendo wabwino, kenako winawo ukukwekwereza fumbi. Kuchokera pakhonde kufika pageti si patali, koma ndinagulitsa nthochi kwa anthu angapo iwo asanafike.

Atafika anaima, akupuma ngati ng'ombe yapagoli. Anakoleka ndodo pa dzanja lakufalo n'kutambasula labwino. Dainess anayang'ana dzanjalo. Mawondo ake anayamba okha kupita pansi, mwa chizolowezi.

“Sista sagwada,” anatero a Sajeni.

Anagwirana chanza ngati anthu okumana kuboma. Mkuluyo anaoneka ngati ali ndi mawu ena, pakamwa popotoka paja panagwedera, koma a Felesita anaitana kumsewu kuti vani ikuchoka. Anatenga ndodo yawo n'kumapita, phazi likulemba mzere pansi.

Dainess anawayang'ana mpaka anakwera okha, wopanda wowanyamula. Ndinamupatsa nthochi imodzi, zala zinakanika kusenda, ndinamusendera. Anadya ataimirira, n'kupukuta manja pa yunifomu. Pabedi paja anali atagonekapo kale wina, mnyamata wa ku Chadiza wopanda phazi, ndipo ankaitana.