Nkhoswe ya pa Mkhate

Mwana wanga anamutenga ngati akubwereka khasu. Sukulu zitatsekera, alamu anga, mlongo wake wa amuna anga, anafika pa njinga kwathu ku Kapichila. Anati agogo ake a mwanayo amusowa, akacheze sabata imodzi ku Magodi. Ine ndi uchitsiru wanga ndinamuluka tsitsi, ndinamuikira madiresi awiri m'jumbo, mpaka ndinamukweza ndekha pa kaliyala. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Sabata inatha, mwezi unatha, sukulu zinatsegulira, mwana osabwera.

Nthawi imeneyo n'kuti nditachoka ku banja miyezi inayi. Sindifuna kuchulukitsa za amuna anga. Fodya akagulitsidwa ankasanduka munthu wina, ndipo khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero. Pamene ndinkachoka ndinatenga mwana ndi ndowa imodzi basi.

Ife kwathu mwana ndi wa kwa mayi, ndipo kale sitinkadziwa zolowola. Koma ine ndinakwatiwa kwa anthu a ng'ombe, kumene mwana amatsata khola. Pondifunsira anabweretsa ng'ombe zitatu, ndipo abale anga ataziona zikulowa m'mudzi, mwambo wa makolo anauiwala tsiku lomwelo. Amene anaimira ukwatiwo ngati nkhoswe yanga anali achimwene, mlongo wanga wamkulu, chifukwa bambo ndi amalume anali atamwalira. Achimwenewo ndiwo anandilera. Anandiphunzitsa kupalasa njinga, akuthamanga pambuyo panga atagwira chishalo. Choncho mwana atakanizidwa, sindinaganize za wina aliyense. Ndinapita kwa iwo.

Tinakhala katatu pa mphala, bwalo lokambirapo nkhani kwa apongozi anga. Amene sanakhalepo pa bwalo la ankhoswe asandiuze kuti ndi malo okambirana. Amuna amakhala pa mipando, iwe mwini nkhani uli pa mphasa, miyendo yotambasula, maso pansi. Zako zonse zimatuluka pakamwa pa nkhoswe yako. Iwe ukatsokomola amakuyang'ana.

Ulendo woyamba achimwene anati, "Tabwela kukonza banja." Ndinaganiza kuti ndi ulemu wotsegulira nkhani. Ulendo wachiwiri anati, "Mlongo wangayu mtima wake uzatsika, timupatse nthawi." Za khutu sanatchule. Za mwana sanatchule. Ndipo mwanayo ndinkamuona. Ankadutsa kuseri kwa nkhokwe atasenza chigubu cha madzi, tsitsi lomwe ndinamuluka lija litasanduka chisa, akundiyang'ana cham'mbali chifukwa anamuuza kuti asayandikire pa mphala.

Ulendo wachitatu apongozi aamuna anatopa ndi kuzungulira. Anali munthu wosakuwa, ndipo ndinkawaopa chifukwa cha chomwecho.

"Yayi, tisataye nthawi," anatero. "Mwana ni wa ng'ombe. Ngati mama uyu wakana nthengwa, ng'ombe ziwele, mwana atole. Ngati ng'ombe kulije, mwana wakhala pano."

Ndiye kuti ngati ndakana ukwati, tibweze kaye ng'ombe, apo ayi mwana sachoka. Ndinadikira kuti achimwene ayankhe. Anayang'ana nsapato zawo. Anachotsa kachitsotso pa thalauza. Kenako anati, "Adada, za ng'ombe tisafikeko. Banja ni kupilila."

Pamenepo m'pamene maso anga anatseguka. Ng'ombe zija, imodzi inafa chaka chomwe zinabwera. Ziwiri zotsalazo achimwene anakalowolera mkazi wawo, mtsikana wa Chitumbuka amene makolo ake sakanamupereka ndi nkhuku. Zonsezi ndinkazidziwa, ndinavina nawo pa ukwati wawo, koma sindinaziikepo pamodzi. Ukwati wanga ukatha, ng'ombe zifunidwa. Ng'ombe zikafunidwa, wogwidwa pakhosi ndi nkhoswe yanga yomwe. Munthu amene ndinamutuma kukanditulutsa m'nyumba yoyaka anali atatsamira chitseko.

Pobwerera sitinakwere njinga. Tinkaziguguza m'kanjira ka pakati pa minda, dzuwa lili pamutu, ndipo ndinalephera kudzigwira.

"Achimwene, mwandigulitsa kawili. Poyamba munalandila, lelo mukukana kubweza."

"Iwe, samala pakamwa."

"Nisamale pakamwa? Miyezi itatu nili chete pa mphasa! Mwana wanga muli kumuona mmene alili?"

"Ufuna nichite bwanji? Nikalande ng'ombe kwa apongozi anga? Mlamu wako ali na pakati, ufuna abwelele kwao?"

Alamu angawo, mkazi wa achimwene, ndinkawakonda, ndipo ndiwo ankandithira madzi ofunda m'khutu nditangobwera. Akuluakulu amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Wanga sanali khoswe wamba, anali nkhoswe, ndipo mkhate umene anakhalapo unali banja la mayi wosalakwa. Ndinakwiya, koma wom'menya panalibe.

Masiku amenewo ndinali nditayamba kugulitsa nsawawa ndi tomato pa Msika wa Lundazi. Mayi wa benchi loyandikana nalo, wogulitsa kapenta, anandimva ndikudandaula ndipo anaseka.

"Iwe ukali na ankhoswe? Yenda kwa loya. Loya sadya ng'ombe za munthu. Azakamba Chizungu, apongozi ako azagwa na biipii."

Anandilozera ofesi ina pa boma imene imathandiza anthu osauka pa milandu. Ndinapita nditavala chitenje chatsopano, mumtima ndikuona kale munthu wa jekete yakuda akuloza chala apongozi anga, ine nditakhala pambuyo pake ndikupukusa mwendo. Kunena zoona, sindinkafuna chilungamo chokha. Ndinkafuna wina wondikalipirira.

Ndinapeza mayi wamng'ono kwa ine, wa magalasi, akudya chinangwa chootcha pa tebulo lodzaza mapepala. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula, chinthu chimene sichinandichitikirepo chiyambire nkhaniyi. Kenako anafunsa, "Mami, munakwatilana bwanji? Muli na setifiketi ya ku boma?"

Ndinati ayi, tinakwatirana mwa chimudzi, ndi ankhoswe ndi ng'ombe.

"Ndiye kesi yanu iyenda ku khoti yaing'ono, ya zamwambo. Kuja ise maloya sitiloledwa kuimilila. Ningakuthandizeni kukonza mau, ningakuuzeni vofunika kukamba. Koma kukamba muzakamba mweka."

Ndinamva ngati andithira madzi. Ndinathawa pakamwa pa achimwene kufuna pakamwa pa loya, ndipo pano akundiuza kuti pakamwa pake ndi panga pomwe, pamene panazolowera mphasa.

"Nanga mwana?" ndinafunsa.

"Khoti iyang'ana kumene mwana azakhala bwino. Mwana si ng'ombe. Koma siningakulonjezeni. Ndipo mvelani ichi: azafunsa ankhoswe. Azafuna kumva ngati banja yakangika zoona, olo ingakonzeke. Ankhoswe anu ali ku saidi yanu?"

Ndinangoyang'ana chinangwa chija.

Anandiuza mosabisa kuti njira zonse ziwiri zili ndi minga. Pa mphala nkhani imathera m'banja, anthu amapatsanabe moni pa maliro, koma ingatenge zaka mwana akukulira kwina. Ku khoti imatha msanga, koma samani ikangofika m'mudzi, ndiye kuti ndadumpha ankhoswe pamaso pa anthu onse, ndipo apongozi adzafuna ng'ombe zawo mopanda chisoni. Ndinatuluka mutu ukulemera kuposa mmene ndinalowera.

Sabata yonse ndinagulitsa ngati wodwala. Munthu akapempha nsawawa ndinkamupatsa tomato. Amayi anga anandichonderera kuti ndisachititse manyazi mwana wawo wamwamuna, ngati kuti ine anachita kunditola. Chimene chinandidula chinali chaching'ono. Mayi wina wa ku Magodi, wobwera kudzagula mchere, anandiuza mongocheza kuti mwana wanga sapitanso ku sukulu, akulera khanda la mkazi watsopano wa bambo ake. Ndinavundikira tomato ndi thumba, ndinapita kukatenga samani.

Madzulo ake ndinawauza achimwene ndekha, asanamve kwa ena. Anali m'khola akumasula ng'ombe zawo ziwiri zolimira, zimene anagula ndi thukuta la soya wa zaka zinayi. Ankazikonda ngati ana. Ndinati khoti lidzawaitana ngati nkhoswe. Sanatembenuke.

"Wasankha," anatero. Basi.

Tsiku la mlandu ndinafika m'mawa kwambiri. Khotilo ndi kanyumba kamodzi ka malata, mabenchi ngati a m'tchalitchi. A kwa amuna anga anabwera asanu ndi atatu, anadzaza mbali yawo. Mwana anali pakati pa agogo ake aakazi ndi alamu anga amene anadzamutenga aja, atamuveka diresi limodzi mwa awiri amene ndinamuikira m'jumbo, litayamba kale kumuchepa. Mbali yanga kunali ine ndi mayi wa kapenta. Achimwene kunalibe. Nthawi iliyonse njinga ikalira panja ndinkatembenuka, mpaka khosi linawawa.

Atandiitana ndinaimirira. Mawu onse amene tinakonza ndi loya uja anauluka. Oweruza, bambo wachikulire wa imvi, anafunsa kanthu, ine osamva, chifukwa anali kumanzere kwanga. Ndinatembenuza mutu kuwapatsa khutu labwino, ndipo anafunsa chifukwa chake. Ndinayambira pomwepo. Ndinanena za khutu, za ndowa imodzi, za sabata imene inasanduka miyezi, za sukulu. Pena ndinkabwereza, koma palibe amene anandiyang'ana kuti ndikhale chete.

Amuna anga anati sanandithamangitse, amandifunabe, ndipo ankhoswe a mbali zonse anagwirizana kuti banja likonzedwe. Nkhoswe yawo inavomereza. Oweruza analemba, kenako anakweza mutu.

"Ankhoswe a kuchikazi alipo?"

Kunali zii. Kenako benchi lakumbuyo linalira. Sindikudziwa kuti analowa nthawi yanji. Anali atavala jekete ya ku tchalitchi, thalauza akadali atalipana ndi zopanira za pa njinga. Anadutsa pafupi nane osandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti ndathera pompo. Akangonena mawu awo aja akuti banja ndi kupirira, nkhani ibwezedwa ku mphala, ine kubwerera pa mphasa.

"Inu monga nkhoswe, banja ili lingakonzeke?"

Achimwene anayang'ana nsapato zawo, ngati tsiku lija. Oweruza anabwereza funso.

"Bwana, banja inatha kale," anatero motsitsa. "Tsiku anabwela na khutu yotuluka magazi, n'nadziwa. N'nali kukamba kuti apilile chifukwa ng'ombe zake n'nadya ndine. N'naopa kubweza. Mwana apatsidwe amake. Za ng'ombe afunse ine."

Apongozi aamuna anatsokomola kamodzi.

Ukwati unathetsedwa tsiku lomwelo. Khoti linati mwana akhale ndi ine, abwerere ku sukulu, azikacheza kwa bambo ake pa holide. Za ng'ombe linati ndi nkhani ya pakati pa mabanja, akambirane. Panja mwana wanga sanandithamangire monga ndinkalotera. Anabwera pang'onopang'ono, akuyang'ana agogo ake, kenako anagwira nsonga ya chitenje changa ndipo sanaisiye mpaka kunyumba. Ndinafunafuna achimwene kuti ndinene kanthu, koma njinga yawo inali itapita.

Kukambiranako sikunatenge nthawi. Achimwene sanapite kwa apongozi awo kukalanda kanthu, ndipo mkazi wawo anachira bwino, mwana wamwamuna, ali pa banja lawo mpaka lero. Patatha masabata awiri, m'mawa wina ndinamva mabelu a ng'ombe akudutsa kuseri kwa nyumba. Ndinasuzumira pa zenera. Anali achimwene, akukusa ng'ombe zawo ziwiri zija kulowera njira ya ku Magodi, wapansi. Apongozi anga akale analandira ziwirizo, za yachitatu sanafunsenso.

Anthu ku msika amandifunsa, makamaka azimayi amene mabanja awo akugwedezeka, kuti chabwino n'chiyani, ankhoswe kapena loya. Mayi wa kapenta amayankha msanga kuti loya. Ine ndimachedwa kuyankha. Ndimawafunsa kaye kuti nkhoswe yawo inadya chiyani pa ukwatiwo, ndiponso ngati angathe kuimirira okha pamaso pa oweruza.

Mvula yoyamba itagwa chaka chimenecho, ndinkaperekeza mwana ku sukulu, njira yodutsa m'mbali mwa munda wa achimwene. Munda wonse uja, umene ankaumaliza masiku atatu ndi pulawo, anali akuugaula ndi khasu, okha, malaya atanyowa. Chiyambire ku khoti tinali tisanalankhulane kupitirira moni. Mwana anaima, nakuwa ndi mawu ake onse.

"Amalume! Ng'ombe zanu zili kuti?"

Achimwene anaweramuka, anagwira m'chiuno. Anayang'ana mwanayo, yunifomu yake, tsitsi lake loluka bwino.

"Zinapita kukakutenga," anatero. "Fulumila, uzachedwa."

Ndinamufikitsa pa geti la sukulu. Tsiku limenelo ku msika sindinapite. Ndinabwerera kunyumba, ndinatenga khasu, ndinakayamba mzere woyandikana ndi wawo. Sanandiyang'ane, koma anasuntha pang'ono kundipatsa malo.