Chombo cha Bambo Anga Chitagwidwa

Bambo anga anali nahodha, woyendetsa chombo cha thanga ku Nkope. Masiku amenewo maboti a injini anali owerengeka, choncho ofuna kuwolokera tsidya la Makanjira ankadikira mphepo limodzi ndi bambo. Chombocho chinali cha matabwa, chachikulu moti mbuzi, matumba a mchere ndi azimayi ndi mitolo yawo zonse zinkakwanamo. Bambo ankanena kuti agogo awo nawonso anali a zombo, ndipo chawo chinagwidwa ndi sitima yankhondo ya azungu, yangati ija imene mfuti yake ili pafupi ndi mlatho ku Mangochi. Zimene chombo cha agogowo chinkanyamula, pakhomo pathu sitinkazikamba.

Chaka chimene ndikunenachi n'kuti nkhondo ya ku Mozambiki itafika poipa. Ine ndinali nditangokwatiwa kumene, ndipo ndinakwera nawo kuti ndikaone azakhali anga amene ankadwala kutsidyako. Tinanyamuka m'mawa ndi mwera wabwino, koma masana unakula n'kutikankhira kumpoto, kupitirira pamene tinkafuna kukocheza, mpaka kufupi ndi malire. Ndi pamene tinamva kulira kwa injini. Boti linatulukira kuseri kwa miyala, muli amuna ovala zosiyanasiyana, aliyense mfuti m'manja. Sitinadziwe kuti anali a mbali iti, ndipo mpaka lero sindikudziwa.

Anatilamula kuti titsitse thanga. Bambo analitsitsa okha, mosapupuluma, n'kulipinda bwinobwino ngati tafika padoko la kwathu. Amunawo anamanga chingwe kutsogolo kwa chombo n'kutikokera ku gombe lina lamchenga, lopanda mudzi. Mkulu wawo ankalankhula Chiyao chomveka. Anati chombo ndi katundu yense tsopano n'zawo, chifukwa mcherewo unkapita kwa anthu amene iwo ankamenyana nawo. Anati bambo, poti ndi munthu wamkulu, atha kumapita, koma enafe, amuna ndi akazi omwe, titsale kuti tisenze katunduyo kupita naye kumtunda.

Ndinagwira mkono wa bambo. Anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono n'kusendera kwa mkulu uja.

"Mwanangu, anthuwa anakwera chifukwa chokhulupirira ine. Asiyeni apite. Ine nditsala, ndipo chombochi ndizikuyendetserani kulikonse kumene mukufuna."

Mkuluyo anayang'ana boti lake, lomwe linali laling'ono ndiponso lodalira mafuta osowa. Kenaka anavomera. Anatilanda mitolo ndi mbuzi, n'kutilozera njira yolowera kumwera. Bambo sanatsanzike zambiri. Anangondiuza kuti, "Ukawauze amayi ako asalire maliro."

Tinayenda wapansi mpaka ku Makanjira, mapazi atatupa, kenaka tinapeza lole yozungulira ku Mangochi. Amayi atamva uthengawo sanalire. Miyezi itapita popanda chomveka, achibale ena anayamba kunena kuti kuchitike sadaka, popeza ogwidwa ndi anthu otere sabwerera. Amayi anakana kwamtuwagalu. Anati mwamuna wawo anawaletsa, ndipo sanawanamizepo chikwatiranire. Ashehe anawamvetsa, ndipo Lachisanu lililonse kumzikiti ankawachitira bambo pemphero la duwa monga munthu amene ali paulendo.

Bambo anabwera m'nyengo yotentha, mphepo ya mpoto itayamba. Ndinali kunyanja ndi anzanga tikuchapa, dzuwa lili paliwombo, pamene wina analoza chinthu chakutali. Linali thanga, koma lachilendo, lazigamba zoyera ndi zabulawuni. Litayandikira tinaona kuti ndi matumba osokedwa pamodzi. Ine ndinazindikira mphuno ya chombocho ndisanazindikire munthu amene anali pachiwongolero, chifukwa bambo anali ataonda kwambiri, ndevu zili mbuu. Ndinalowa m'madzi ndi chitenje chomwe.

Sanali okha. M'chombomo munali mayi wina ndi ana ake, ndiponso mkulu wina wopuwala mwendo, onse othawa nkhondo. Bambo anayamba atsitsa anthuwo mmodzimmodzi, n'kuponya nangula, kenaka ndi pamene anatsika kudzatipatsa moni. Mudzi wonse unali utasonkhana, azimayi akululutira, koma iwo anapempha kaye madzi oti atawaze, kudziyeretsa asanapemphere.

Nkhani yawo tinaimva pang'onopang'ono, chifukwa sankakonda kuikamba. Anthu aja ankawatuma kunyamula chinangwa ndi ovulala m'mbali mwa gombe. Thanga lenileni analing'amba kupangira misasa. Gululo litasamukira kumapiri linawasiya ndi chombo chopanda kanthu. Akanatha kubwera wapansi ngati ife, koma anakhala pamudzi wina akupempha matumba, kuwasoka ndi ulusi wa ukonde wakale, n'kumadikira kuti mphepo itembenuke. Mwamuna wanga anawafunsa tsiku lina ngati ankaopa. Anayankha kuti ankaopa tsiku lililonse, makamaka akauzidwa kunyamula ovulala, chifukwa wina akanafera m'chombo mlandu ukanagwera iwo.

Anayendetsabe chombocho zaka zingapo, mpaka maboti a injini atachuluka ndiponso maso awo atayamba kufooka. Mayi wothawa nkhondo uja anapatsidwa malo kuseri kwa nyumba yathu ndipo sanabwererenso kwawo. Pamene bambo anamwalira, ana a mayiyo anali m'gulu la amene ananyamula jeneza, chithatha cha maliro.