Munthu Womaliza Kulandira Ulusi

M'mafakitale onse a m'tauniyo ankangowatchula kuti Mayi Ulusi, ndipo eni akewo dzinalo ankaliyankha bwinobwino. Anali nesi wakale, wamfupi, wa mawu omveka mpaka kugeti. Kwa zaka khumi ndi zisanu ankazungulira kuphunzitsa antchito chithandizo choyamba: kumanga bala, kugoneka munthu wokomoka, kupopa pachifuwa cha chidole chapulasitiki chimene ankachitcha mwamuna wawo wachiwiri, "uyu samwa mowa, sayankha mwano."

Dzinalo linachokera ku tsiku lotsekera maphunziro. Mipando inkakankhidwira kukhoma, anthu n'kuima mozungulira, mayiwo n'kutulutsa mpira wa ulusi wofiira, wolukira majuzi uja. Wogwira mpirawo ankanena chinthu chimodzi chimene waphunzira, kapena kufunsa chimene sichinamveke, kenako n'kukulunga ulusi pachala, n'kuponyera mnzake. Pofika kumapeto pakati ponse pamakhala ukonde wofiira. Anthu ankaseka, kuwomba mapazi pansi, wina mpira kumugunda pamphuno. Koma mayiwo akangotulutsa ulusiwo nthabwala zinkawathera.

Chifukwa chake ndi ichi. M'chaka chawo chachiwiri pantchitoyi, m'gulu lina munali mlonda wachikulire, bambo aulemu wopitirira muyeso, oti sangadule mphunzitsi pakamwa ngakhale nyumba ikupsa. Tsiku lotsekera aliyense analandira mpira, kutsala bambowo okha pafupi ndi chitseko, dzanja lili m'mwamba, thukuta lili kamukamu. Panja dalaivala wa galimoto yodzatenga mayiwo anali ataimba hutala kawiri.

"Nthawi yatidyera, bambo," anatero Mayi Ulusi. "Mudzafunsa ulendo wina." Lumo khwaphu, ulusi n'kuduka.

Masana omwewo mlondayo anagwa pamalo odikirira basi, osadzukanso. Mnzake wa pageti ndiye anadzaulula kuti chiyambire m'mawa bambowo ankadandaula kuti pachifuwa palemera, mkono wamanzere ukuwawa, ndipo ankati afunsa mpira ukawafika. Tangoganizani! Munthu kudikira nthawi yake mwaulemu chonchija, mphunzitsi wa zizindikiro za mtima ali potero, akuyang'ana wotchi.

Kuyambira pamenepo ukonde uja sunkatulukanso bwino. Ulusi wodutsa cha kuchitseko, m'malo moyenda molunjika kuchokera kwa uyu kupita kwa uyo, unkapindika pakati, m'malere, ngati wakodwa pachala cha munthu. Pamalopo panalibe msomali, panalibe aliyense. Mayiwo anayesa kusintha ulusi, anayesa kuimika gulu kutali ndi chitseko, koma ayi ndithu, ngodya ija inkabwerabe. Ankachita mantha, tisaname. Akangoiona ankathamangira lumo n'kudula anthu asanazindikire, ndipo kunyumba sanauzeko ngakhale mwana wawo wamkazi.

Gulu lawo lomaliza asanapume linali la pafakitale ya sopo, m'chipinda chodyeramo, dzuwa la masana likulowa pamawindo, fani ikulira kudenga. Anthu analipo khumi ndi awiri kuphatikiza iwowo. Mpira unayenda. Wina anati waphunzira kuti pabala lamoto sapakapo mafuta. Wowotcherera zitsulo, wanthabwala wa gululo, anati waphunzira kuti akakomoka asadzamupope mlamu wake, angamuthyole nthiti dala. Chipinda chonse chinafa nacho chiseko.

Mpira utabwerera m'manja mwawo, mayiwo anawerenga ngodya chamumtima. Zinali khumi ndi zitatu.

"Amayi," anatero wowotcherera uja, mawu atatsika, "ulusiwu wagwira chiyani apa?"

Onse anacheuka. Pakati pa iye ndi mtsikana wopakira sopo m'makatoni panali mpata wokwana munthu mmodzi, ndipo ulusi unali utakungika pamenepo, ukunjenjemera pang'ono. Mtsikanayo anafuna kutaya wake.

"Gwira, mwanawe!" anakalipa mayiwo. "Wina asasiye."

Dzanja lawo linali litafika kale palumo m'thumba. Ndi pamene anazindikira chimene ankachita zaka zonsezi. Mlonda uja ankabwera, kuima pamalo ake, kudikira mwaulemu, iwo n'kumudulanso. Gulu lililonse, chaka ndi chaka. Ndipo leroli likapita, panalibenso ulendo wina woti adzafunse.

Anatulutsa lumolo n'kuliika patebulo. Anaponya mpira pampata uja. Sunamveke kugwa. Ena amati unakodwa mu ukonde, koma wowotchererayo mpaka lero safuna kuyankhapo.

"Funsani, bambo," anatero mayiwo. "Nthawi ilipo."

Kunali zii. Ngakhale fani ija inkamveka ngati ili kutali. Mayiwo anadikira, nthawi yaitali ndithu, mutu atapendeka ngati akumvetsera, misozi ikutsikira pakolala ya bulauzi.

"Inde, bambo," anatero potsiriza. "Ndi chizindikiro chimenecho. Pachifuwa pakalemera, mkono ukuwawa, musadikire mpira, musadikire aliyense. Dulani mphunzitsi pakamwa. Ndikanakunyamulani pagalimoto yomwe ija kupita nanu kuchipatala. Pepani."

Ulusi uja unamasuka pang'onopang'ono n'kuwongoka, ndipo mpira unagwa pansi n'kugubuduzika mpaka pansapato zawo.

Tsiku limenelo sanadule. Anayenda kwa munthu aliyense, kumasula ulusi pachala chake ndi manja awo, n'kumafunsa mmodzimmodzi ngati pali pamene pakumuwawa.