Mdzukulu Wanga Sanaphonye Ng'oma

Mdzukulu wanga amasoka nsapato pakhonde la sitolo yogulitsa penti. Anthu amamutcha Chitsulo, chifukwa cha chitsulo chimene wavala kumwendo wakumanzere kuyambira ali ndi zaka zinayi. Mayi ake atamwalira ndinamulera ndine. Mapoto anga onse ndi ophwanyika kunsi, poti ng'oma anaphunzirira pamenepo.

Lamlungu masana amaimba ng'oma m'bandi ya pahotela. Pali nyimbo ina yakale ya jazi imene amaikonda. Nyimbo zambiri mumawerenga mpaka kanayi n'kuyambiranso. Iyi ayi. Mumagunda katatu, kenako kawiri, zonse kasanu. Anaiphunzira chaka chathunthu, akugogoda ndi hamala pazidendene za nsapato za eni.

Ndiye pahotelapo panabwera manijala watsopano. Atangoimva nyimboyo, anaitana woimba lipenga, yemwe ndi mkulu wa bandi. "Wang'oma wanuyu akutsimphina ndi m'nyimbo momwe. Pezani wa miyendo yonse." Walipenga uja, bambo wandevu zake, anangoti, "Chabwino, bwana."

Chitsulo atauzidwa zimenezi, anafika kunyumba n'kuponya timitengo take toimbira ng'oma pamwamba pa kabati. "Agogo, basi, ndizingosoka."

"Tsitsa timitengoto! Sindinakubereke kumsana zaka zitatu kupita nawe kuchipatala kuti udzagonje kwa munthu wosadziwa kuwerenga."

Lamlungu ndinavala nsapato zimene anandisokera, ndi kumutenga Chitsulo kupita naye kuhotela. Ndinakapeza manijalayo ataima pafupi ndi bandi.

"Bwana, tambasulani dzanja. Zala zingati?"

"Mayi, muli bwinobwino koma?"

"Kuposa makutu anu. Zingati?"

"Zisanu."

"Ndiye dzanja lanulo likutsimphina?"

Operekera zakudya anabisa nkhope kumathireyi. Ndinakodola walipenga: "Iwe, yamba nyimbo ija, usandiyang'ane ngati ndine mzukwa." Chitsulo anakhala pampando wake. Ine dzanja la bwana gwi! Ng'oma ikagunda, ndinkapinda chala chake chimodzi. Nyimbo yonse, ng'oma yaikulu inkagwera pachala chachikulu, osaphonya ngakhale kamodzi.

Manijala anasolola dzanja lake. "Makasitomala sangavine zimenezi."

"Wolephera kuvina asanamizire mwendo wa mwana wanga. Mukamuchotsa, mumuchotse pa chifukwa china, osati chimenecho."

Sanapepese, ndipo sindinayembekeze. Koma chifukwa chinacho sanachipeze. Chitsulo akadali pampando wake, ndipo nyimbo ija ndi imene amayambira. Ine ndimakhala patebulo lakutsogolo ndi tiyi wanga. Manijalayo akamadutsa, ndimamukwezera dzanja, zala zonse zisanu.